Kupalasa njinga m'misewu yabata ya kufupi ndi nkhalango: ubwino wake ku mtima ndi zoyenera kusamala

Ambiri njinga yakapalasa timaidziwa ngati ya ntchito: ya kabaza, yopitira kuchigayo, yonyamulira makala ndi matumba a chimanga. Koma pali enanso, makamaka amene amaswera pampando mu ofesi, omwe akuipalasa pofuna kulimbitsa thupi. Anthu otere akatopa ndi utsi ndi maminibasi a m'tauni, maso awo amapita ku misewu ya kumudzi yoyandikana ndi nkhalango zotetezedwa, kumene galimoto zimadutsa mwa apo ndi apo.

Ngati nanunso muli ndi maganizo amenewa, mwaganiza bwino, chifukwa njinga ndi imodzi mwa njira zabwino kwambiri zosamalira mtima. Komabe dziwani kuti msewu wa kufupi ndi nkhalango uli ndi zoopsa zakezake, zosiyana ndi za m'tauni, ndipo china mwa izo chimaonekera patapita masiku mutabwerako. Titenge chitsanzo cha misewu yozungulira nkhalango ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800 ndipo kuyambira mu 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Kum'mawa kwake kuli msewu wa M5 wotsata nyanja, msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa mkati mwake, ndipo m'mbali muli timisewu ta fumbi tolowa m'midzi. Zimene muwerenge pano zikugwiranso ntchito ku Vwaza, ku Kasungu ndi ku Liwonde.

Kodi njinga imauchitira chiyani mtima?

Mukamapalasa, minofu ikuluikulu ya m'ntchafu ndi m'matako imagwira ntchito mosalekeza ndipo imafuna mpweya wambiri. Mtima umayankha popopa magazi ochuluka. Mukamachita zimenezi mlungu ndi mlungu, mtima umazolowera kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, mitsempha ya magazi imafewa, ndipo minofu imayamwa shuga m'magazi mosavuta. Ndi chifukwa chake masewera otere amathandiza kupewa ndi kuchepetsa BP komanso matenda a shuga.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka za pakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena amphamvu kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150. Mphindi 30 pa njinga, masiku asanu pa mlungu, mwafika kale pa 150.

Ku Britain, akatswiri a pa yunivesite ya Glasgow anatsatira anthu oposa 260,000 kwa zaka pafupifupi zisanu. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2017, zinaonetsa kuti amene ankapita kuntchito pa njinga chiopsezo chawo chodwala matenda a mtima chinali chotsika ndi 46 peresenti poyerekeza ndi amene ankayenda pa galimoto kapena basi. Kafukufuku wa mtundu umenewu satsimikizira kuti njinga yokha ndiyo inachititsa zonsezi, koma akugwirizana ndi zimene madokotala akudziwa kale za masewera olimbitsa thupi.

Ubwino wina ndi wakuti pa njinga thupi limakhala pa chishalo, choncho maondo ndi akakolo sagunditsidwa pansi ngati mmene zimakhalira pothamanga. Munthu wonenepa kapena wa maondo ovuta nthawi zambiri amatha kupalasa ngakhale kuthamanga kumamukanika.

Nanga msewu wabata ukuwonjezerapo chiyani?

Choyamba ndi mpweya. Munthu amene akupalasa amapuma mwamphamvu, ndipo amalowetsa m'mapapo mpweya wochuluka kangapo kuposa amene wangokhala. Pakati pa malole ndi maminibasi, utsi umene amaumeza umachulukanso chimodzimodzi. Kumsewu wa galimoto zochepa vutoli limachepa, ngakhale kuti m'chilimwe fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimatha kuvutitsa anthu a mphumu.

Chachiwiri ndi kupalasa mosadukiza. M'tauni mumaima pa maloboti, pa mphambano, ndi pamene minibasi yakutsekerani njira. Kumudzi mtima umagwira ntchito mofanana kwa nthawi yaitali, zomwe ndi zimene zimaulimbitsa.

Chachitatu ndi maganizo. Masewera olimbitsa thupi amachepetsa nkhawa ndipo amathandiza kugona bwino. Komanso munthu sachedwa kusiya masewera otopetsa maganizo, pamene msewu umene mukuuyembekezera mwachidwi Loweruka lililonse mudzaupalasabe chaka chamawa.

Mudziwa bwanji kuti mukupalasa mokwanira?

Simukufunika wotchi yodula. Yesani kulankhula. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, muli pa mlingo wapakatikati, umene ndi woyenera mbali yaikulu ya ulendo. Ngati mukungotha kutulutsa mawu awiri kapena atatu kenako n'kupuma, mwalowa pa mlingo wamphamvu, monga zimachitikira pa zitunda za M18 pamene msewu ukukwera kuchoka kunyanja.

Ngati mwakhala nthawi yaitali osachita masewera, yambani ndi mphindi 15 kapena 20 pamalo athyathyathya, ndipo muziwonjezera pang'ono mlungu uliwonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kumbukiraninso kuti mtunda umene mwapita ndi womwewo mubwerere, choncho tembenukani mphamvu zikadalipo.

Pali anthu ena ofunika kuyamba aonana ndi achipatala: amene ali ndi matenda a mtima, BP yokwera kwambiri imene sinatsike ndi mankhwala, khunyu, kapena amene anachitapo sitiroko. Ngati mumadzibaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga a glibenclamide, shuga wanu akhoza kutsika kwambiri muli m'njira, choncho idyani musananyamuke ndipo tengani maswiti m'thumba. Aliyense amene wamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi mmene akupalasira, atsike panjinga nthawi yomweyo ndipo apite kuchipatala pa galimoto kapena pa njinga yamoto, asapalasenso.

Kashembe: ntchentche yokonda chinthu choyenda

Apa ndi pamene msewu wa kufupi ndi nkhalango ukusiyana ndi misewu ina yonse. Ku Nkhotakota, monganso ku Vwaza ndi ku Kasungu, kuli ntchentche za kashembe, zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi ndi zokulirapo pang'ono kuposa za m'nyumba, ndi zotuwa, ndipo zikatera zimapinda mapiko limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka. Zimaluma masana, kuluma kwake kumapweteka, ndipo zimaboola nsalu yopyapyala.

Zinthu ziwiri zimazikopa kwambiri: chinthu chimene chikuyenda, ndi mtundu wa buluu kapena wakuda. Tsono taganizirani munthu wa pa njinga: akuyenda, alibe galasi loti atseke ngati wa m'galimoto, ndipo zovala zambiri zopalasira njinga ndi zakuda, zothina komanso zopyapyala.

Tizilombo toyambitsa kaodzera wa kuno ndi ta mtundu wa Trypanosoma brucei rhodesiense. Timakhala m'magazi a nyama zakutchire monga mbawala, komanso a ng'ombe. Ntchentche ikayamwa magazi a nyama yotere, tizilomboto timakhwima m'thupi mwake kwa milungu ingapo, ndipo kenako imatha kupatsira munthu. Ntchentche zambiri zilibe tizilomboti, choncho si kulumidwa kulikonse kumene kumadzetsa matenda. Odwala ake sachulukanso ngati a malungo: mu 2019 ndi mu 2020, pamene matendawa anakwera, m'dziko muno munkapezeka odwala pafupifupi 90 pa chaka, ambiri a ku Rumphi ndi ku Nkhotakota. Vuto lake ndi lakuti kaodzera wa mtundu umenewu ndi wachangu. Popanda mankhwala amapha m'milungu kapena miyezi yochepa.

Katemera wake palibe, choncho kupewa kuli pa kavalidwe ndi kayendedwe. Valani malaya a manja aatali ndi buluku la nsalu yokhuthalirapo, za mtundu wa kaki kapena wotuwa. Ngati mumavala kabudula wopalasira wakuda, valani buluku lina pamwamba. Mafuta othamangitsa udzudzu dzolanibe, koma musawadalire chifukwa sagwira kwenikweni pa kashembe. Popuma, musakhale m'zitsamba zowirira kapena m'mithunzi ya m'mbali mwa mitsinje, poti ndi mmene ntchentchezi zimabisala dzuwa likatentha. Mukaona nsalu za buluu ndi zakuda zitapachikidwa m'tchire, dziwani kuti ndi misampha yopakidwa mankhwala ophera ntchentchezi. Musazigwire ndipo musapumire pafupi nazo.

Mukalumidwa, muyang'anire chiyani?

Kutupa pang'ono ndi kuyabwa tsiku lomwelo ndi zachizolowezi. Chimene muyenera kuchiyang'anira ndi chotupa chofiira, cholimba ndi chopweteka, chonga chithupsa, chotuluka pamalo olumidwapo patapita masiku angapo. Si onse amene amachiona, ndipo pakhungu lakuda chimavuta kuzindikira. Pakati pa mlungu umodzi ndi milungu itatu pamabwera kutentha thupi, mutu waukulu, kuphwanya m'thupi ndi kutupa kwa mwanabere. Tizilombo tikafika ku ubongo, munthu amasokonezeka, khalidwe limasintha, amawodzera masana ndi kusowa tulo usiku.

Mwaona kale pamene pali msampha: zizindikiro zoyambirira ndi zofanana ndi za malungo. Kachipangizo koyezera malungo ka pachala sikaona kaodzera, ndipo kaodzera wa mtundu wa kuno alibe kachipangizo kakekake kotere. Amapezeka poyang'ana magazi pa maikulosikopu, ndipo woyezayo ayenera kudziwa chimene akufuna. Dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene amaona odwala malungo ambirimbiri, sangaganizire za kaodzera pokhapokha inu mutamuuza kumene munali.

Choncho mukatentha thupi pasanathe mwezi kuchokera pamene munapalasa kufupi ndi nkhalango, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo nenani momveka: "Ndinali ku Nkhotakota masiku akutiakuti, ndipo ndinalumidwa ndi kashembe." Nenani ngakhale musanafunsidwe. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ngati malungo sanapezeke, pemphani kuti magazi aonedwenso ngati muli kaodzera. Ngati apezeka, mwamwa LA masiku atatu koma thupi likutenthabe, bwererani, chifukwa matenda awiriwa amatha kukhala mwa munthu mmodzi.

Kodi mankhwala alipo?

Alipo, ndipo asintha posachedwapa. Kwa zaka zambiri odwala ankabayidwa suramin matenda akakhala kuti sanafike ku ubongo, ndipo akafika ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse owalandira.

Pano pali mapiritsi a fexinidazole, omwedwa kamodzi pa tsiku ndi chakudya kwa masiku 10. Anayesedwa pa odwala 45 ku chipatala cha Rumphi kuno ku Malawi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, pa kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi bungwe la DNDi. Mu 2024 bungwe la WHO linalangiza kuti akhale mankhwala oyamba kupatsidwa kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene akulemera makilogalamu osachepera 20. Mankhwala a kaodzera ndi aulere ndipo amaperekedwa kuchipatala moyang'aniridwa ndi adokotala, sagulidwa kufamase. Chachikulu ndi kufika msanga.

Dzuwa ndi madzi

Kunyanja kumatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Munthu wopalasa padzuwa amatha kutaya thukuta lokwana lita imodzi pa ola kapena kuposerapo, ndipo mphepo ya panjinga imaliumitsa mwachangu moti sazindikira kuti akutaya madzi. Nyamukani kukangocha ndipo mukhale mutamaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Tengani mabotolo awiri, muzimwa pang'onopang'ono m'njira monse. Pa ulendo wopitirira maola awiri, botolo limodzi musungunulemo paketi ya Thanzi ORS motsatira malangizo a papaketipo, kuti mubwezeretse mchere wotayika ndi thukuta. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ndi chizindikiro chakuti madzi akuperewera. Powonjezera madzi m'njira, tungani pa mjigo, osati mumtsinje.

Mphamvu imene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi imayamba kutha pakapita ola ndi theka kapena maola awiri mukupalasa mwamphamvu. Ikatha miyendo imangolefuka mwadzidzidzi ndipo manja amanjenjemera. Nthochi, mbatata yophika kapena chigumu m'thumba ndi zokwanira.

Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kusokonezeka chifukwa cha kutentha, imeneyo ndi ngozi yofunika changu. Mugonekeni pamthunzi, muvuleni zothina, muthireni madzi thupi lonse ndi kumukupiza, kwinaku mukufunafuna galimoto. Ngati sakudziwa chimene chikuchitika, musamumwetse kanthu chifukwa angatsamwe.

Bata la msewu limapusitsa

Msewu wopanda galimoto zambiri ndi umene oyendetsa amathamangamo kwambiri, ndipo sayembekezera kukumana ndi njinga pakona. WHO imati liwiro la galimoto likakwera ndi 1 peresenti yokha, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 peresenti. Msewu wa M5 nawo si wabata paliponse: mumayenda mabasi ndi malole, ndipo malo ena ndi wopapatiza. Khalani kumanzere nthawi zonse, ngakhale msewu ukuoneka ngati wanu nokha. Musatseke makutu ndi mahedifoni, poti khutu ndilo limayamba kudziwa kuti kumbuyo kukubwera lole. Ikani nyali yofiira yophethira kumbuyo kwa njinga ngakhale masana, makamaka popeza zovala za kaki zopewera kashembe sizioneka patali.

Valani helemeti ndipo mangani lamba wake pachibwano. Ofufuza a ku Australia ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 40 wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo chovulala kwambiri m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Kumudzi zimenezi zili ndi tanthauzo lalikulu, chifukwa chipatala chokhala ndi zida zounikira ubongo chili kutali. Mukagwa n'kumenyetsa mutu, ndipo kenako mukusanza, mukuiwala zimene zachitika kapena tulo tikukukokani, musapalasenso.

Musananyamuke yesani mabuleki onse awiri, popani matayala, ndipo tengani chubu chapadera, pampu ndi zomatira. Uzani munthu wina njira imene mudutse ndi nthawi imene mubwere, chifukwa malo ena netiweki kulibe. Ngati n'kotheka, khalani awiri.

Njovu, agalu ndi madzi a m'nyanja

Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Nkhalangoyi ili ndi mpanda wamagetsi, koma mbali ya msewu yodutsa mkati ndi kwawo kwa nyamazo. Musanalowe, funsani alonda a pachipata ngati njinga zikuloledwa ndi kumene njovu zaoneka, ndipo tsatirani zimene akuuzani. Mukaona njovu kutsogolo, imani patali ndi kubwerera mwakachetechete. Musayese kuizemba pambali, chifukwa pa mtunda waufupi njovu imathamanga kuposa mmene anthu ambiri angapalasire. Ndowe zaziwisi pamsewu zikutanthauza kuti eni ake ali pafupi.

M'midzi, chimene mungakumane nacho kawirikawiri ndi galu wothamangitsa njinga. Kawirikawiri amasiya mukatsika n'kuika njinga pakati pa inu ndi iye. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa chiwewe. Musadikire kuti muone ngati mudwale, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, munthu sachira.

Mukamaliza ulendo mutatenthedwa, nyanja imakopa. Kumbukirani kuti m'madzi osayenda a m'mphepete, makamaka a mabango ndi udzu, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu. Ngati mwasambamo, kayezetseni pakapita miyezi iwiri kapena itatu, kapena msanga mukaona magazi mumkodzo. Likodzo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel.

Za chishalo ndi dzanzi

Abambo ambiri amafunsa monong'ona ngati njinga imachepetsa mphamvu za m'banja. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2018 m'magazini ya Journal of Urology anayerekeza abambo opalasa njinga ndi osambira komanso othamanga, ndipo sanapeze kuti opalasa anali ndi vuto loposa anzawo pa nkhaniyi. Chimene chimachitikadi, kwa abambo ndi amayi omwe, ndi dzanzi lobwera chishalo chikamapanikiza mitsempha ya pakati pa miyendo. Dzanzilo likutanthauza kuti pakufunika kusintha: chishalo chikhale chathyathyathya osati choloza m'mwamba, ndipo muziimirira pa mapedulo kwa kamphindi nthawi ndi nthawi. Kuti mupeze msinkhu woyenera, khalani pachishalo ndi kuika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo ukhale wowongoka. Chishalo chotsika kwambiri ndicho chimapweteketsa maondo.

Musananyamuke Loweruka

Zonsezi zisakubwezeni m'mbuyo. Anthu a m'midzi yozungulira nkhalangozi amapalasa misewu yomweyi tsiku ndi tsiku, ndipo kukhala pampando chaka chonse ndi BP yosayezetsa n'koopsa kuposa ulendo wokonzekera bwino. Yezetsani BP, konzani mabuleki, sankhani malaya a kaki m'malo mwa a buluu, dzazani mabotolo, ndipo nyamukani m'mamawa. Mukabwerako, lembani mu foni tsiku limene munapita ndi ngati munalumidwa. Thupi likadzatentha m'milungu yotsatira, tsiku limenelo ndilo loyamba kuliuza dokotala.